Ndithandizeni kupeza dzina la filimu ya anthu osochera panyanja

Moni nonse. Ndikufunafuna dzina la filimu yopeka za m'tsogolo imene ndinaonera kalekale, momwe dziko lonse lamizidwa ndi madzi, ndipo bambo wina ndi mwana wake wamkazi akuyandama pa matabwa omangidwa ndi zingwe, akudalira madzi a mvula okha. Ndafufuza pa Google ndi pa IMDb, koma zonse zikundilozera ku Waterworld ya 1995, yomwe ili ndi nkhondo zambiri, pomwe ine ndikukumbukira anthu awiri okha ndi bata loopsa. Si Life of Pi ya 2012, popeza mnyamata uja anali m'bwato lopulumukiramo pamodzi ndi chilombo. Ochita seweroli sankalankhula Chingerezi. Kodi alipo amene akuidziwa filimu imeneyi, kapena amene angandiuze kwina kofunsa?