Kodi boost ya turbo ifike pati kuti gasiketi isapsenso?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi pikapu ya dizilo ya injini ya 2.5, yomwe ndimanyamulira matabwa kuno ku Mzuzu. Mwezi watha amakaniko anaika gasiketi yatsopano ya hedi, n'kukwezako boost (mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini) kuti galimoto izikoka bwino pamtunda. Ndikamakwera Chiweta nditalemedwa, geji ya boost ikumafika 1.3 bar, pafupifupi 19 psi.

Kukoka ikukokadi. Koma madzi ayamba kuchepa, m'kabotolo ka madzi mukutuluka thovu, ndipo paipi yapamwamba ya rediyeta ikumakhala gwa ngakhale m'mawa injini itazizira. Utsi woyera palibe, oyilo nayenso ali bwinobwino. Maboliti a hedi anabwezera akale omwe aja, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga sukukhazikika.

Inu amene munakwezapo boost pa injini zotere, munalekezera pati? Kodi chimapsereza gasiketi ndi boost yokhayo, kapena dizilo wochuluka ndi kutentha? Mzuzu ili pamwamba mamita opitirira 1,200, mpweya ndi wopepuka, ndiye turbo siikuvutika mopyola muyezo?

Galimotoyi ndiyo imadyetsa ana kunyumba. Ndibweze boost mwakale ndiziyendabe, kapena ndiimike atsegulenso hedi?