Fayilo ya 835 yakana kulowa yokha, madola 3,147.80 sakuoneka

NaBanda:
Moni nonse a m'gulu lino. Ndili ndi vuto la kuntchito, mwina alipo amene anadutsamo kale. Ndimagwira mu ofesi yotolera malipiro pa chipatala china kuno ku Indiana. Mwezi watha akuluakulu anayatsa autopost kuti mafayilo a 835, aja makampani a inshuwalansi amatumiza pofotokoza zimene alipira pa kleimu iliyonse (bilu imene chipatala chinawatumizira), azilowa okha m'maakaunti a odwala, ife tisiye kutaipa imodziimodzi EOB, pepala lofotokoza malipiro. Kwa makampani ambiri zikuyenda bwino. Koma fayilo ya Lachiwiri ya kampani ina yaima panjira. Ndalama imene yalowa ku banki ndi $86,412.35, koma ndikaphatikiza malipiro a makleimu onse akukwana $89,560.15. Pakusowa 3,147.80. Abwana akufuna batch, gulu la malipiro a fayiloyi, itsekedwe Lachisanu poti mwezi ukutha, ndipo mnzanga wina akuti ndingoichotsa ndalamayo ngati contractual pa kleimu imodzi yaikulu, nkhani ithe. Mtima wanga ukukana. Nditumize fayiloyo muno muione?

aPhiri:
Ayi achemwali, fayilo musatumize, ngakhale chithunzi chake. Muli maina a odwala, manambala awo a inshuwalansi ndi thandizo limene analandira. HIPAA, lamulo la ku America loteteza chinsinsi cha odwala, siyang'ana zoti ndife a kumudzi kumodzi, ntchito ingakuthereni pa chifukwa chimenechi. Tithandizana popanda kuiona.

Itseguleni mu Notepad, osati lipoti lokongoletsedwa limene sisitimu imakuonetsani, koma fayilo yeniyeniyo yodzadza ndi nyenyezi. Tsikirani kumunsi, mzere wa kumapeto wa SE usanafike, mufufuze PLB, mzere wa ndalama zochotsedwa kapena zoonjezedwa pa cheke yonse osati pa kleimu imodzi. Mutiuze makodi ndi ndalama zokha. Ndipo maganizo a mnzanuwo muwasiye. Contractual akunenayo, imene kodi yake ndi CO 45, ndi ndalama imene chipatala chinagwirizana ndi kampani kuti sichidzaifunsa kwa wina aliyense. Mukabisamo ndalama yosowa, mwaitaya, komanso mwalemba bodza m'buku.

NaBanda:
Ndaupeza, achimwene. Mzere ndi umodzi koma muli ziwiri: WO 3190 ndi L6 -42.2. Ndiye zandisokoneza. Yokhala ndi minus ndi yaing'onoyo, nanga masauzandewo achoka bwanji?

aPhiri:
Apo ndi pamene ambiri amapunthwa. Mu PLB zizindikiro zimayenda chagada. Nambala yopanda minus imachepetsa cheke, ya minus imaonjezera. Lamulo lake ndi lakuti malipiro onse a mu CLP04, pamene pamalembedwa ndalama yolipidwa pa kleimu iliyonse, kuchotsapo zonse za mu PLB, ayenera kufanana ndi BPR02, ndalama yolembedwa pamwamba pa fayilo. Werengani: 89,560.15 kuchotsa 3,190 zitsala 86,370.15, mubwezerepo 42.20, mwafika pa 86,412.35. Fayilo yanu ilibe cholakwika. WO ndiye kuti kampani yadzibwezera ndalama imene ikuti inakulipirani mopitirira m'mbuyomu, L6 ndi chiwongoladzanja chimene akupatsani chifukwa chochedwa kulipira kleimu ina. Sisitimu yanu sinauzidwe kokaika makodi awiriwa, n'chifukwa chake yaima.

aMwale:
Kwathu a IT anangotsegula akaunti imodzi ya GL, buku lalikulu la ndalama za chipatala, chilichonse cha PLB chimagwera mmenemo, batch n'kutsekeka. Auzeni achite chimodzimodzi, Lachisanu mukagona tulo.

aMbewe:
Pepani a Mwale, apa sindikugwirizana nanu. Ndakhala ndikukonza malamulo a autopost kwa zaka zingapo, ndipo akaunti ya mtundu umenewo ndinaionapo itasanduka dzala. Aliyense amatayamo, palibe wosesa. Pakutha kwa chaka ma auditor akafunsa kuti ndalama iyi ndi ya wodwala uti, muofesi mumangoti zii. L6 ipite ku akaunti yake ya chiwongoladzanja, isakhudze akaunti ya wodwala, chifukwa ikalowa mmenemo akaunti ioneka ngati yalipidwa mopitirira ndipo wina adzabweza ndalama imene sayenera kubweza. FB, ija kampani imasunthira ngongole ku fayilo yotsatira, ikhalenso pakepake kuti muziona ikatsekeka.

Koma WO ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa siibwera njira imodzi. Nthawi zina kampani imakulemberani kalata kuti tinakulipirani mopitirira, mubweze. Mukapanda kubweza, amadzadula okha ndi WO, ndipo mu 835 simukhala mzere uliwonse wa kleimuyo. Pamenepo akaunti ya wodwala imakhala isanakhudzidwe, muyenera kuipeza ndi kuchotsamo ndalamayo. Njira ina ndi yakuti amayamba abweza kleimu mu fayilo ina, CLP02 n'kukhala 22, kodi yosonyeza kleimu yobwezedwa, ndalama zonse zili ndi minus, koma sadula tsiku lomwelo. Pofuna kuti cheke ya tsikulo isachepe, amaika WO ya minus pansi pa fayiloyo. Pakapita masabata ndi pamene WO yopanda minus imabwera kudzatenga ndalama zenizeni. Zikatero akaunti ya wodwala inachotsedwa kale ndalama pa ulendo woyamba uja. Mukachotsanso lero, mwachotsa kawiri, ndipo munthu wosalakwa alandira bilu ya madola 3,190 kunyumba kwake.

Ndiye NaBanda, musanakhudze chilichonse, tengani nambala imene ili pambuyo pa WO, mukaifufuze m'mafayilo akale a kampani yomweyo, miyezi itatu kapena inayi m'mbuyo.

NaBanda:
Zikomo a Mbewe. Mafayilo akale ali pa portal ya clearinghouse, kampani imene mafayilo amadzera pakati pa ife ndi a inshuwalansi, ndipempha mwayi wolowamo mawa m'mawa. Kufunsako, nambala imeneyi siikufanana ndi ya akaunti zathu. Ndi yachilendo.

aMbewe:
Zimatero. Makampani ena amaikapo nambala yanu ya wodwala, ija munatumiza mu CLM01 ya 837, fayilo yotumizira kleimu, ndipo imabwerera mu CLP01. Ena amaika nambala yawo ya kleimu, imene mungaipeze mu CLP07, ena amaika nambala ya kalata imene anakulemberani. Yesani CLP07 poyamba. Zikakanika imbani foni, muwapatse TRN02, nambala ya cheke kapena malipirowo, ndi nambalayo, akuuzani kleimu yake.

NaNgozo:
Ndilowerereko pang'ono poti ndangoyamba kumene ntchitoyi. Ife vuto lathu si PLB, koma makleimu ena amagwera mu mndandanda wa osapezeka mwini, chonsecho wodwalayo alipo mu sisitimu. Ndi matenda omwewa?

aPhiri:
Ayi mlongo, amenewo ndi ena. Yerekezani CLP01 ndi nambala imene munatumiza. Kawirikawiri mupeza kuti maziro a kutsogolo adulidwa, kapena nambala yanu ndi yaitali. Malamulo a 5010 a kalembedwe ka mafayilowa, amene anayamba kugwira ntchito mu January 2012, amati kampani ikuyenera kusunga ndi kubweza zilembo 20 zokha. Ngati chipatala chanu chimalumikiza nambala ya akaunti ndi zina mpaka kupitirira 20, mchira umadulidwa. Musalole sisitimu kuti ikalephera pa nambala izingoyerekeza ndi dzina ndi tsiku lokha. Mayi ndi mwana wake wa dzina limodzi akhoza kubwera tsiku limodzi. Ndi bwino kleimu idikire munthu kusiyana n'kuti ilowe kwa eni ake olakwika.

NaBanda:
Ndabwera ndi nkhani. A Mbewe munalasa. Nambala ija ndaipeza mu CLP07 ya fayilo ya milungu 7 yapitayo, autopost isanayatsidwe. Kleimu inabwezedwa ndi 22, ndipo pansi pali WO -3190. Amene analowetsa pamanja nthawi imeneyo anachotsa ndalama pa akaunti ya wodwala molondola, koma ataona kuti ku banki kwatsala 3,190 yopanda mwini, anaiika mu suspense, akaunti yosungiramo ndalama zosadziwika mwini wake. Yakhala mmenemo mpaka lero, palibe amene ankadziwa kuti ndi ya chiyani. Ndiye WO ya Lachiwiri ikungotseka imeneyo, akaunti ya wodwala sindiikhudza.

Chimene chandipweteka mtima ndi china. Pansi pa kleimu yobwezedwayo pali yokonzedwa, yolipidwa ziro, ndipo chifukwa chake mu CAS, mzere wofotokoza zifukwa zosalipirira, ndi 22. Poyamba ndimaganiza kuti ndi 22 yomweija, koma ndawerenga, iyi ikutanthauza kuti pali inshuwalansi ina imene iyenera kuyamba kulipira. Palibe amene anatumiza kleimu ku inshuwalansi inayo. Ngongole inangotsetserekera kwa wodwala, ndipo gogoyu watumiziridwa kale bilu kamodzi. Ndikanamvera mnzanga uja, izi sindikanaziona n'komwe.

aMbewe:
Imitsani bilu yachiwiri lero lomwe, ndipo muone masiku amene inshuwalansi inayo imapereka otumizira kleimu, asakuthereni. Musunge fayilo yakaleyo ngati umboni wa tsiku limene munadziwitsidwa.

Pa autopost, mukakhala pansi ndi a IT muwapemphe kuti WO iliyonse isalowe yokha pa akaunti ya wodwala, izipita kwa munthu. Makleimu abwinobwino a mu fayilo yomweyo azilowa, asamadikire mzere umodzi. Muwafunsenso ngati sisitimu imakana fayilo yobwera kachiwiri. Ndinaonapo fayilo imodzi italowa kawiri chifukwa wina anaitsitsanso pa portal n'kuisintha dzina. Sisitimu iziyang'ana TRN02, kampani, ndalama ndi tsiku, osati dzina la fayilo. Komanso batch isatsekedwe ndalama isanaoneke ku banki. Kuyambira January 2014 makampani ayenera kuika nambala ya TRN yomweyo mu EFT ya CCD+, malipiro otumizidwa ku banki pa kompyuta, ndipo 835 ndi ndalama siziyenera kutalikirana kupitirira masiku atatu a ntchito. Koma banki siingokupatsani nambalayo, muyenera kuipempha kuti izionetsa addenda, kamzere koonjezera kamene kamakhala ndi nambalayo.

aMwale:
Ndamva, a Mbewe. Ndapita kukasuzumira akaunti yathu ija, ndipo muli mizere yambiri imene sindingathe kuifotokoza. Ndiyamba ndi ma WO, ndiwafufuze umodziumodzi monga wachitira NaBanda. Ndikakakamira ndibweranso muno.

NaNgozo:
A Phiri, ndayang'ana, ndi maziro aja. Kampani imodzi ikudula awiri a kutsogolo. Ndalembera a IT.

NaBanda:
Batch yatsekedwa masana ano, Lachisanu lomwe abwana amafuna. 42.20 yapita ku chiwongoladzanja, 3,190 yatseka suspense, bilu ya gogo uja yaimitsidwa ndipo kleimu yapita ku inshuwalansi yoyenera. Ndawaimbiranso foni kuwapepesa, anali atayamba kale kufunsa ana awo kuti asonkhe. Lolemba tili ndi msonkhano ndi a IT. A Mbewe, mu suspense mwatsala mizere ina 11 ya makampani osiyanasiyana, iwiri ili ndi kodi 72. Imeneyo ndiyambire pati?

aMbewe:
72 imabwera chipatala chikabweza ndalama ndi cheke, kampani n'kuvomereza kuti yalandira. Kawirikawiri imayenda limodzi ndi WO ya ndalama yomweyo, ziwirizo n'kuthetsana. Pitani kwa amene amalemba macheke obweza, akupatseni mndandanda wa miyezi imeneyo, muyerekeze ndalama ndi masiku. Zotsalazo mubwere nazo Lolemba madzulo mukatuluka mu msonkhano, makodi ndi ndalama zokha.