Ndisiye mpingo kuti ndimalize buku, kapena ndipitirize kulemba usiku?

Abusa anzanga, abambo ansembe, mashehe, aphunzitsi ndi nonse amene mumalemba pamwamba pa utumiki wanu, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo.

Ndakhala m'busa zaka 14, ndipo tsiku limodzi pa sabata ndimaphunzitsa Chipangano Chatsopano kusukulu ya ubusa. Kwa zaka 6 ndakhala ndikulemba buku lofotokozera Kalata ya Yakobo m'chinenero chimene akhristu anga amapempherera, popeza akulu a mpingo amene amalalikira ine ndikachoka alibe buku lowathandiza limene angalimve bwino. Kalatayi ili ndi mitu 5 yokha, koma ine ndikadali pa mutu wachitatu. Ndimalemba usiku ana atagona. Mwezi wathawu ndinatsegula kope langa n'kupeza chiganizo chothera panjira, chongoti "lilime ndi moto chifukwa", ndipo ndinakumbukira kuti foni inalira pomwepo kundiuza kuti mkhristu wina wadwalika. Ndinathamangira kuchipatala, kenako kunagwa maliro, ndipo pobwerera pa tebulo patatha masabata atatu, chimene ndinkafuna kunena chinali chitandithawa.

Tsopano sukulu ija yandipempha kuti ndikhale mphunzitsi wa nthawi zonse. Kumeneko kuli laibulale ndiponso tchuthi chodziwika, ndipo palibe wogogoda pakhomo pakati pa usiku. Akufuna yankho langa mwezi wamawa usanathe.

Ndafufuza m'mbiri ya amene anayenda njirayi, koma andigawa pawiri. Martin Luther anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani m'masabata pafupifupi 11 ali wobisika ku nyumba yachifumu ya Wartburg ku Germany, kutali ndi guwa lake, ndipo bukulo linatuluka mu 1522. Al-Ghazali, katswiri wa maphunziro a Chisilamu, anasiya mpando wake wa uphunzitsi ku Baghdad mu 1095, nalemba buku lake lalikulu m'zaka zimene anadzipatula, asanabwererenso kukaphunzitsa ku Nishapur mu 1106. Awiriwa amandiuza kuti buku limafuna chete. Koma amene wandikhudza kwambiri ndi Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, chifukwa iye sanachoke. Anali bishopu wolalikira, woweruza milandu ya anthu ake ndi woyankha makalata, ndipo buku lake lonena za mzinda wa Mulungu linamutengera zaka 13, kuyambira 413 mpaka 426. Akhristu ake anagwirizana naye kuti azimusiya masiku 5 pa sabata kuti aziwerenga Malemba, koma panganolo silinakhalitse, mpaka mu 426 Augustine anasankha wansembe Eraclius kuti amulandire mtolo wina. Ndikamawerenga zimenezi ndimalimba mtima, komanso ndimachita mantha, chifukwa ngati munthu wotereyu analephera kuteteza nthawi yake, nanga ine?

Chimene chikundigwira mwendo ndi ichi. Masamba amene ndimawakhulupirira m'kope langa sanachokere m'mabuku. Mawu a Yakobo onena za ana amasiye ndi akazi amasiye ndinawamvetsa nditakhala pansi ndi mayi amene abale a mwamuna wake anamulanda zonse, ndipo ndime ya lilime ndinailemba nditayanjanitsa mabanja awiri amene miseche inawadanitsa. Ndikuopa kuti ndikapita kusukulu ndidzapeza nthawi, koma ndidzataya chitsime. Amayi kunyumba akuti ndisadzinamize, popeza buku losatha silithandiza mkulu wa mpingo aliyense, ndipo sindingawatsutse.

Kodi alipo amene anasiya mpingo chifukwa cha kulemba, ndipo zolemba zake zinakhalabe ndi moyo? Nanga amene munakhalabe, munagwirizana chiyani ndi akulu a mpingo chimene chinasungika?

Yankho la mphunzitsi wopuma wa sukulu ya ubusa:

Abusa, ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndikuchenjezeni kuti chete mukumuyembekezerayo kusukulu n'ngochepa, chifukwa kuchonga mayeso, misonkhano ndi kuyang'anira kafukufuku wa ophunzira zimadya nthawi mofanana ndi maulendo a kwa odwala. Ubwino wake ndi woti kalasi imakakamiza munthu kulemba. John Mbiti wa ku Kenya anali wansembe wa Anglican, ndipo buku lake la mu 1969 lonena za zipembedzo ndi nzeru za mu Africa linachokera m'maphunziro amene ankapereka ku yunivesite ya Makerere ku Uganda. Pambuyo pake anatumikira mpingo ku Burgdorf ku Switzerland, ndipo atakalamba anamasulira Chipangano Chatsopano kuchokera m'Chigiriki kupita m'Chikamba, chinenero cha kwawo ku Kenya, ndipo chinatuluka mu 2014. Munthu mmodzi anadutsa makomo onse awiri, ndiye musaone ngati mukachoka ndiye kuti mwachokeratu. Musanayankhe, funsani sukulu kuti mudzakhala ndi maola angati a m'kalasi pa sabata, ndipo apempheni kuti mudzaphunzitse Kalata ya Yakobo yomweyo, kuti phunziro lililonse lizisanduka tsamba. Funsaninso akuluakulu a mpingo wanu ngati angakupatseni tchuthi cha miyezi 6 n'kuika m'busa wogwirizira, chifukwa mitu iwiri ndi theka siyofunika kusiyira nkhosa mpaka kalekale.

Yankho la wofunsa:

Zikomo kwambiri, bambo. Za tchuthi sindinaziganizirepo, chifukwa ndinkaona ngati ndi kupempha zapamwamba. Akulu a mpingo tikumana nawo Loweruka likudzali. Kodi ndiwaonetse kope lenilenilo kuti aone pamene ndafika, kapena ndiyambe ndalankhula ndi wondiyang'anira nkhaniyi isanafike pa bwalo?