Thumba la maliro: zomwe zinakambidwa pa gulu la chitukuko cha kwathu ku Ntcheu

Mlembi: Abale, malume athu a ku Leeds atumiza K800,000 kuti tiyambire thumba lobweretsera mitembo ya anzathu omwalirira ku Joni. Maganizo anu?

aNgozo (Joni): Ine musandiwerengere. Ndikafa kuno munditenthe, phulusa lidzabwere pa basi. Mumadziwa mmene mtembo umayendera? Mapepala kwa kazembe, kuumitsa thupi, bokosi, kenako galimoto: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kudzalowera pa Dedza. Marandi onsewo kukwirira m'dothi, ana kutsala opanda fizi.

Nachisale: Achimwene, Chimwenye mwayamba liti? Kwathu munthu amagona pafupi ndi amayi ake. Adzukulu akumbire phulusa manda?

aNgozo (Joni): Achemwali, inu mumangolandira maliro, osonkha ndife. Timayendetsa mbale m'mafulati muno, ena ntchito alibe. Mtembo ukafika, mudzi wonse ukufuna mpunga ndi nyama masiku atatu, adzukulu akuti khasu sitigwira tisanadye. Nthawi ya Covid tinkaika maliro tsiku lomwelo popanda kugona pasiwa, mizimu inakwiya?

Abusa: Tiyankhulane mwaulemu, abale.

aPhiri: Musanatsegule thumba latsopano, za mahema ndi mapoto a maliro zija zinatha bwanji? Tinasonkha mu 2019. Ine ndaonako mapoto awiri okha, ndipo akuphikira kachasu.

Msungichuma: Tchulani dzina, aPhiri. Malisiti ndinapereka kwa apampando akale.

aPhiri: Omwe anamwalira? Zabwino.

Nachisale: Musanyoze malemu. Inuyo chiliza cha bambo anu mpaka lero simunamange.

aNgozo (Joni): Nazotu! Chiliza, simenti, matailosi, pomwe mjigo wa kusukulu unafa kalekale. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu 2023, ndalama za malumezi mukazisunga pa Mpamba chaka chamawa sizigula ngakhale bokosi. Konzani mjigo.

Mai aJere: Mwana wanga anaikidwa ku Joni komweko chifukwa ndalama zinasowa. Manda ake sindikuwadziwa. Inu zoseka.

aNgozo (Joni): Pepani mayi, sindikuseka. Koma phulusa likanafika pakhomo panu.

Nachisale: Kawauzeni amfumu zimenezo, muone ngati akupatseni malo kumsitu.

Mlembi: Ndiye malume ndiwayankhe chiyani?

aPhiri: Auzeni adikire kaye, mapoto apezeke.

Msungichuma watuluka pa gulu.