Zokajambula mabuku akale a manambala a telefoni: titulutse ndalama za gulu?

Mlembi wa gulu: Akuluakulu, pa nkhani yolemba mbiri ya masitolo a pa boma la Nkhotakota, komiti ikuganiza zotuma anthu awiri ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko lino, ku Zomba kuti akajambule mabuku akale a manambala a telefoni. Tiuzeni maganizo anu ndalama zisanatuluke.

Aphunzitsi opuma a ku Linga: Ndikuvomereza, koma opitawo adziwe pofufuza. M'mabuku a nthawi ya atsamunda dzina lathu ndi Kota Kota, ndiye ali pa K, osati pa N. Asamangojambula tsamba lathu lokha ayi, ayambe ndi chikuto chifukwa ndi pamene pali chaka. Tsamba lopanda chaka silitithandiza kanthu.

Msungichuma: Aphunzitsi, kodi m'mabukumo muli anthu angati akwathu? Telefoni inali kwa DC, ku polisi, ku chipatala, ku mishoni ndi m'masitolo a amwenye. Msodzi wa ku Chia kapena mlimi wa mpunga mulibemo. Tilipire thiransipoti ndi malo ogona kuti tikatenge mayina a mabwana okhaokha?

Aphunzitsi opuma a ku Linga: Zoona amayi, ndi ochepa. Koma ochepawo ndi amene amatipatsa zaka. Agogo amakuuza kuti "sitoloyo inatsekedwa kalekale", pamene bukuli likuonetsa chaka chimene dzinalo linalipo ndi chimene linasowa. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda achimwenye kuchoka m'maboma ang'onoang'ono kupita m'mizinda. Mukaika buku la kumayambiriro kwa zakazo pambali pa la kumapeto, muona masitolo amene anachoka. Chimodzimodzi ku Dwangwa, mayina atsopano aoneka fakitale ya shuga itayamba.

Achimwene a ku Lilongwe: Ndionjezereko kagwiridwe kake. Musajambule chaka chilichonse, tengani buku limodzi pa zaka zisanu zilizonse, ndipo mukaona kusintha kwakukulu ndiye mubwerere ku zaka zapakati. Pa kompyuta tilembe dzina monga lalembedwera, ngakhale litalakwika, kenako nambala, P.O. Box ndi chaka. Chenjezo: buku limachedwa. Mayina amatoleredwa miyezi ingapo lisanasindikizidwe, ndiye sitolo yotsekedwa imatha kuonekabe. Komanso dzina likasowa sikuti bizinesi inatha, mwina anangodulidwa foni chifukwa cha ngongole. Bokosi limodzinso la ku positi ankagwiritsa ntchito anthu ambiri kudzera kusukulu kapena kutchalitchi.

Msungichuma: Nanga ngati ku Zomba zaka zina kulibe?

Achimwene a ku Lilongwe: Tifunsenso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, Blantyre. Za 1953 mpaka 1963 mtokoma ndi telefoni zinali m'manja mwa boma la chitaganya, choncho tiyang'ane pa Rhodesia and Nyasaland. Tiyambe talemba kalata kufunsa zaka zimene ali nazo komanso malamulo a kujambula, tisanakwere basi.

Mayi a ku Sani: Ine ndivomera pokhapokha tikamva ndi mbali ya akuluakulu amene adakali moyo, ndiponso kaundula wa ubatizo ku tchalitchi cha All Saints ndi zimene akudziwa kumzikiti. Amene ali ndi mabuku otere kunyumba asawamate ndi selotepi, imadya pepala. Awaike pamwamba pouma, kutali ndi chiswe. Ndipo manambala a anthu tisawaponye pa Facebook.

Mlembi wa gulu: Tamva. Kalata ya ku Zomba ndilemba sabata ino, za ndalama tikambirana yankho likabwera.