Za onga uja ndinafunsa sabata yatha

Abale, paja ndinafunsa ngati onga wosatulutsa utsi umene anasiya malemu amalume, wodzazira zipolopolo za mfuti yawo ya laisensi ija, ungagwirebe ntchito. Ndatsegula chitini dzulo, fungo lake lowawasa loboola mphuno, chivindikiro chadzimbiri mkati, pamwamba kafumbi kofiirira. Ndiye kuti nitrocellulose, chinthu chachikulu chopangira ongawu, yayamba kuwonongeka, mankhwala amene amaikamo kuti aziyiteteza atha mphamvu, ndipo onga woterewu umatha kutentha wokha mpaka kuyaka. Nzosadabwitsa, chitinicho chakhala zaka mu sitolo ya malata ku Chilomoni kuno, ndi dzuwa la Okutobala lonse lija. Mtima unagunda kwambiri poti ana amasewera pafupi pomwepo. Sindinayerekeze nkomwe kusakaniza ndi watsopano, ndachiika pamthunzi kutali ndi nyumba, mawa mmamawa ndikukauza apolisi adzachitenge.