Chamba changa chinachita nkhungu m'mabotolo: ndiumitse bwanji chaka chino?

Wa ku Umlazi:

Moni nonse. Ine ndine Mmalawi wokhala ku Durban, ndipo popeza malamulo a dziko lino amalola munthu wamkulu kubzala chamba pakhomo pake kuti azigwiritsa ntchito yekha, ndinabzala mitengo itatu kuseri kwa nyumba imene ndimakhala. Chaka chatha ndinakolola mu Epulo, ndinapachika nthambi m'chipinda chosungiramo katundu kwa masiku anayi, ndipo nditakhudza maluwa ndi kumva kuti auma ndinawathira m'mabotolo n'kutseka. Patangopita sabata imodzi ndinapeza tinthu toyera ngati ukonde wa kangaude pakati pa maluwawo, ndiponso munkatuluka fungo loipa lolowa m'mphuno ngati la mkodzo. Zimene zinatsala ndinaziyanika pamalata chifukwa cha mantha, ndipo zinauma tsiku limodzi ndi theka, koma zinkafumbutuka m'manja, zinkanunkha udzu ndipo utsi wake unkakanda pakhosi. Mbewu za chaka chino zatsala pang'ono kukhwima, ndiye ndikupempha amene akudziwa andithandize. Kodi kuumitsa kumafunika masiku angati, ndipo munthu amadziwa bwanji kuti nthawi yoika m'mabotolo yakwana? Ndasungabe botolo limodzi la zija zinachita nkhungu. Kodi ndikaziyanika padzuwa zingakhalenso bwino?

Mwana wa Mlimi wa ku Kasungu:

Achimwene, nditawerenga funso lanu ndakumbukira chigafa cha bambo anga, chifukwa zimene zinakuchitikiranizo n'zimene zimamuchitikira mlimi aliyense wa fodya wa bale amene wafulumira. Fodya wa bale sitimuyanika padzuwa ndiponso sitimusonkhera moto. Tikathyola timasoka masamba n'kuwapachika m'chigafa chofolera bwino, m'mbali mwake muli mopanda khoma kuti mphepo izidutsa, ndipo amakhala mmenemo masabata angapo akusintha pang'onopang'ono kuchoka pa kubiriwira, kufika pa chikasu, mpaka kufiira. Tsamba likauma mothamanga kubiriwira kuja kumatsalira m'kati mwake, ndipo ndiko kumabweretsa fungo la udzu ndi kukanda pakhosi kumene munamva pa zija munayanika pamalata. Chamba n'chimodzimodzi, kungoti pamwamba pa zimenezi dzuwa ndi kutentha zimachotsanso fungo lake lenileni ndi kuchepetsa mphamvu yake.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi nkhani ya mtsempha. Bambo anga sankayang'ana tsamba pofuna kudziwa ngati fodya wauma, ankapinda mtsempha wapakati, popeza madzi amabisala mmenemo tsamba litauma kale. Fodya womangidwa m'belo mtsempha ukadali wauwisi amatentha m'kati n'kuvunda, ndipo amabwezedwa kumsika. Inu munakhudza kunja kwa maluwa pa tsiku lachinayi n'kuganiza kuti ntchito yatha, pamene madzi anali akadali m'kati mwa maluwawo ndi m'timitengo take. Mutatseka botolo madziwo anatuluka, anasowa kolowera, ndipo nkhungu inapeza malo.

Choncho dulani nthambi zathunthu, chotsani masamba akuluakulu, zipachikeni mozondotsa pachingwe m'chipinda chamdima, ndipo pasakhale nthambi yokhudzana ndi inzake. Tsiku lililonse muzipinda kamtengo kakang'ono kamene kagwira duwa. Kakangopindika ngati chingwe, dikirani. Kakathyoka n'kumveka kuti thyo, nthawi yakwana. Kawirikawiri zimatenga masiku 7 mpaka 14, koma musawerenge masiku kuposa kumvera kamtengoko.

Nabanda wa ku Joni:

Zimene afotokoza bambo a ku Kasunguwa n'zoona, ndipo ine ndingowonjezera manambala, chifukwa ku Durban simungadalire mphepo yokha ngati mmene zimakhalira m'chigafa cha kumudzi. Inu muli m'mphepete mwa nyanja yamchere kumene mpweya umakhala wachinyezi ngakhale mvula itasiya, pamene ife kuno ku Johannesburg tili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi mpweya umauma kwambiri moti vuto lathu ndi lakuti zinthu zimauma msanga kuposa mmene tikufunira. Malangizo ochokera kwa munthu wa kuno angakupwetekeni mukawatsatira osaganizira za kumene muli.

Gulani kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, kamene sikadula ndipo kambiri kamaonetsanso kutentha. M'chipinda choumitsira chinyezi chikhale pakati pa maperesenti 55 ndi 65, ndipo kutentha kukhale pafupi ndi madigiri 15 mpaka 21. N'kutheka kuti mu Epulo ku Durban simufika pa kuzizira kumeneku, choncho sankhani chipinda chozizira kuposa zonse m'nyumbamo, chosawombedwa ndi dzuwa la masana. Ikani fani yaing'ono imene iziyendetsa mpweya usana ndi usiku, koma iloze kukhoma kapena pansi, isaloze maluwa, chifukwa mphepo yowomba mwachindunji imaumitsa kunja kokha n'kukunamizani ngati mmene zinachitikira chaka chatha. Ngati chinyezi chikupitirirabe maperesenti 70, dulani nthambizo zikhale zing'onozing'ono, yepulani masamba onse ozungulira maluwa musanapachike, ndipo ngati mungathe bwerekani makina ochotsa chinyezi m'chipinda. Musadabwe kuona zokolola zikuchepa, pakuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa maluwa auwisi ndi madzi.

Timitengo tikayamba kuthyoka, chotsani maluwa panthambi n'kuwaika m'mabotolo agalasi a kukamwa kwakukulu, otsukidwa ndi kuumitsidwa bwino. Musadzaze mpaka pakamwa ndiponso musatsindire. Siyani gawo limodzi mwa magawo anayi a botolo kuti mukhale mpweya. Sabata yoyamba muzitsekula botolo lililonse kamodzi kapena kawiri pa tsiku kwa mphindi 10 mpaka 15, n'kuligwedeza pang'ono kuti maluwa asamatirirane. Mudzaona kuti maluwa amene anali ouma kunja afewanso pang'ono patsiku lachiwiri, ndipo zimenezi siziyenera kukuopsani, chifukwa ndi madzi a m'kati aja amene akufalikira paliponse. Mukaika kachipangizo kaja m'botolo kazionetsa maperesenti 58 mpaka 62. Kakakwera kupitirira 65, kapena mukamva fungo lija munati likunga mkodzo, khuthulani zonse papepala loyera m'chipinda chamdima kwa maola angapo kapena tsiku lathunthu musanabwezeremo. Sabata yachiwiri ikatha mukhoza kumatsekula patapita masiku awiri kapena atatu. Ine ndimaona kuti masabata anayi ndiwo poyambira, ndipo amene amapirira mpaka miyezi iwiri amapeza fungo labwino ndi utsi wosakanda. Mabotolowo azikhala m'kabati yamdima, yokhoma, kumene ana sangafikeko.

Mayi Wosamalira Odwala:

Funso lanu lomaliza silinayankhidwe, ndipo kwa ine ndilo lofunika kuposa onse. Botolo limene mwasungalo litayeni, achimwene. Dzuwa likhoza kuumitsa nkhungu kuti isaonekenso ndi maso, koma silichotsa timbewu take kapena poizoni amene mitundu ina ya nkhungu imasiya. Tonse timadziwa chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume. Nkhungu ya mtundu wa Aspergillus imene imayambitsa chukucho imameranso pa chamba chachinyezi. Munthu akaikokera m'mapapo ikhoza kuyambitsa matenda ovuta kuchiza, makamaka kwa amene anadwalapo chifuwa chachikulu, amene ali ndi mphumu, ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa. Potaya musanunkhize m'botolomo, ndipo ngati mukufuna kuligwiritsanso ntchito liwiritseni m'madzi kaye. Muyang'anenso m'kati mwa maluwa akuluakulu pokolola, chifukwa kumalo achinyezi ngati kwanuko ena amayamba kuvunda pakati akadali pamtengo, ndipo duwa limodzi lotere likhoza kuwononga botolo lonse.

Wa ku Umlazi:

Zikomo kwambiri nonse, botolo lija ndalitaya lero lomwe. Ndili ndi funso lina laling'ono. Ndili mwana ndinkamva za chamba cha ku Nkhotakota chimene ankachikulunga zolimba m'makungwa a nthochi n'kuchimanga ndi luzi. Kodi njira imeneyo singakhale yabwino kuposa mabotolo? Ndinaganizanso zoti ndikadzapita kumudzi pa Khirisimasi ndidzatengeko pang'ono kuti akuluakulu akaone.

Mwana wa Mlimi wa ku Kasungu:

Njira yokulunga ilipodi, ndipo ndi imene inatchukitsa chamba cha kwathu chimene alendo amachitcha Malawi Gold. Komabe imadalira kukulunga maluwa akadali ndi chinyezi pang'ono kuti asinthe m'kati mwa mpukutuwo, ndipo malire a pakati pa kukhwima bwino ndi kuvunda ndi ochepa kwambiri. Choipa chake n'chakuti simuona zimene zikuchitika m'kati mpaka mutamasula, pamene galasi limakuonetsani tsiku lililonse. Munthu amene wataya kale zokolola chifukwa cha nkhungu, ndiponso akukhala m'chinyezi cha ku Durban, ayambe ndi mabotolo.

Za kutengera kumudzizo musayerekeze n'komwe. Ufulu umene muli nawo unachokera pa chigamulo cha khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa cha mu Seputembala 2018, ndipo umakhudza munthu wamkulu wobzala ndi kugwiritsa ntchito payekha pamalo ake. Sulola kugulitsa, ndipo umathera pa malire a dzikolo. Ku Malawi lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority, koma chamba chosuta n'choletsedwabe. Basi yochokera ku Joni imadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza kapena Dedza, ndipo pa chipata chilichonse mwa zimenezi kachikwama kamodzi n'kokwanira kukutsekeretsani m'chitokosi.